Chipatala chimadzaza bwanji mliri ukamabwera m'mafunde: zomwe tinaona nthawi ya Covid-19

Kuno ku Malawi Covid-19 inatimenya kanayi. Funde loyamba linafika pachimake mu Julayi 2020, patadutsa miyezi itatu kuchokera pa 2 Epulo pomwe boma linalengeza odwala oyamba. Lachiwiri linabwera mu Januwale 2021 ndi kachilombo ka mtundu wa Beta, lachitatu m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho ndi Delta, ndipo lachinayi mu Disembala ndi Omicron. Amene tinali m'mawodi tinaona kuti mafunde anayiwa sanathyole chipatala pamalo amodzi. Loyamba linatipeza tili ndi mantha komanso tikuperewera zodzitetezera. Lachiwiri ndi lachitatu anatipanikiza pa mpweya wa okosijeni. Lachinayi linagoneka ogwira ntchito eniake. Funde lililonse linkapeza zida zitakalamba, anthu atatopa, ndalama zitachepa. Zili pansipa ndalembera aliyense amene adzapatsidwe udindo wokonzekeretsa wodi mliri wina ukadzabwera, kaya ndi a DHO (mkulu wa zaumoyo m'boma), a matron, in-charge wa wodi, a ku pharmacy kapena okonza zida.

Tiyambe ndi masamu a mabedi, chifukwa ambiri amapusitsidwa pamenepa. Mabedi ofunika amapezeka mukachulukitsa anthu amene mukugoneka patsiku ndi masiku amene aliyense amakhala m'wodi. Mukamagoneka anthu 8 patsiku, aliyense n'kumakhala masiku 10, mukufunika mabedi 80, ngakhale lero m'wodi muli anthu 20 okha. Wodi imadzaza mwakachetechete chifukwa olowa akuchuluka pomwe otuluka akuchedwa. Komanso odwala Covid ankadwalika kwambiri cha m'sabata yachiwiri chiyambireni zizindikiro, kotero zimene mukuona m'wodi lero zinayambika masiku khumi apitawo. Chizindikiro choyenera kuyang'ana chili ku OPD, kofikira odwala osagonekedwa, ndi ku labu: mwa anthu 100 oyezedwa, opezeka ndi kachilombo ndi angati, ndipo nambalayo ikukwera bwanji sabata ndi sabata. Ikayamba kuwirikiza, dziwani kuti muli ndi sabata imodzi kapena ziwiri zoitanitsira masilinda a okosijeni ndi kukonza rota ya mashifiti a antchito. Mukadikira kuti muone wodi itadzaza mwachedwa kale. Kumapeto kwa funde zimatembenuka: pa wailesi akulengeza kuti odwala atsopano achepa, koma m'wodi mukadali modzaza ndi anthu amene akhala milungu iwiri kapena itatu pa mpweya, ndipo maliro akadali ambiri.

Pa funde loyamba mabedi ambiri ankatsekedwa ndi kudikira zotsatira. Kuyeza kwa PCR, kofufuza kachilombo ndi makina a mu labu, kunkachitika m'malabu owerengeka, ndipo munthu wokayikiridwa ankagona masiku akudikira. Enanso ankasungidwa mpaka atapezeka alibe kachilombo, pomwe PCR imatha kuonetsabe kachilombo kwa milungu ingapo munthu atasiya kupatsira ena. Bungwe la WHO linasintha langizoli pakati pa 2020: masiku 10 chiyambireni zizindikiro, kuphatikiza masiku atatu opanda zizindikiro, munthu atha kutuluka popanda kuyezanso. Zoyezera zachangu za mphindi 15 zitabwera, vuto la odikira linachepa. Phunziro lake ndi loti ndondomeko yotulutsira odwala izilembedwa n'kumatidwa pakhoma tsiku loyamba, ndipo kuyendera odwala kokaona oyenera kutuluka kuzichitika ngakhale Loweruka ndi Lamulungu.

Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Boma linatsegula zipatala zongoyembekezera ku Bingu National Stadium ku Lilongwe ndi ku nyumba ya boma ya ku Zomba. Malo otere amathandiza, koma malo ndiye chinthu chosavuta kupeza pa zonse. Bedi la wodwala wobanika limafuna mpweya, magetsi, chimbudzi chapafupi, madzi ndi namwino, ndipo namwinoyo amachotsedwa m'chipatala chomwe chija chimene chikuperewera kale anthu. Musanakhome tenti, werengani kaye kuti mpweya ndi manja zichokera kuti.

Mpweya

Silinda yaikulu imene timagwiritsa ntchito m'mawodi, ya saizi J, imakhala ndi malita pafupifupi 6,800 ikadzaza. Wodwala wa timachubu ta m'mphuno pa malita 5 pa mphindi amamaliza malita 7,200 pa tsiku, ndiye kuti silinda imodzi ndi pang'ono. Wodwala wa masiki ya kachikwama pa malita 15 pa mphindi amamaliza malita 21,600, masilinda opitirira atatu pa tsiku, iliyonse ikutha m'maola asanu ndi awiri ndi theka. Odwala 20 otere akufuna masilinda oposa 60 tsiku lililonse. Pa Beta ndi Delta, odwala a malita 15 ndi amene anali ambiri m'mawodi a odwalika. Makina a high flow, opereka mpweya wambiri mwamphamvu m'mphuno, amatha kufika malita 60 pa mphindi, ndipo pamenepo silinda siikwana ndi maola awiri omwe. Musawalandire ndi manja awiri ngati mulibe mapaipi ochokera ku plant yopangira mpweya.

Masilinda 60 pa tsiku sakutanthauza kuti mugule 60. Pamafunika magulu atatu: amene ali pabedi, amene ali pa lole kapena kodzadzitsa, ndi osungira. Chimene chinkaimitsa ntchito kawirikawiri ndi masilinda opanda kanthu amene sanabwezedwe. Wodi iliyonse inkabisa ake poopa kuti sabweranso, ena atayiwalika m'ambulansi kapena kuseri kwa chitseko, lole n'kunyamuka yosadzaza. Pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuwerenga masilinda odzaza ndi opanda kanthu m'mawa ndi madzulo, n'kulemba pa bolodi. Kwa zipatala za m'maboma akutali ndi Blantyre kapena Lilongwe, muwerengerenso dizilo wa lole ndi tsiku lathunthu la pamsewu.

Silinda yopanda regulator (chochepetsera mphamvu ya mpweya potuluka) ndi flowmeter (choyezera malita opita kwa wodwala) ndi chitsulo chabe. Mu Januwale 2021 ambiri tikukumbukira wodwala amene analemba pa Facebook ali m'chipatala kuti mpweya ulipo koma flowmeter palibe, ndipo pambuyo pake anamwalira. Apa ndi pomwe a Stanley Onjezani Kenani ndi anzawo anayambitsa zosonkhetsa ndalama kwa Amalawi wamba zogulira zida zoterezi. Pogula kapena polandira thandizo, yang'anani kamwa la silinda. Masilinda aakulu ambiri ndi a bull nose, ang'onoang'ono ndi a pin index, ndipo regulator ya mtundu wina siilowa pa mtundu unzake. Katoni ya ma regulator olakwika imangodzaza m'sitolo. Sungani timawasha ndi timphira tambiri, komanso sipanala yomangirira pa tcheni m'wodi momwemo, chifukwa sipanala imasowa usiku nthawi imene ikufunika.

Kuyeza ngati mpweya ukutayika n'kosavuta. Tsekani flowmeter, tsegulani silinda, kenako itsekeninso, n'kuyang'ana muvi wa geji. Ukamatsika, penapake pakudontha. Malo ena otayikira ndi botolo la madzi lonyowetsera mpweya: chivindikiro chikalowa mopotoka, flowmeter imaonetsa 15 koma wodwala akulandira theka. Pa malita ochepa a m'mphuno botololi silifunika n'komwe.

Geji iziwerengedwa ngati wotchi. Silinda ya J imalowa madzi okwana malita pafupifupi 47, ndiye mukachulukitsa ma bar otsala pa geji ndi 47 mupeza malita otsala. Ma bar 50 ndi malita pafupifupi 2,350, omwe pa malita 15 pa mphindi ndi maola awiri ndi theka. Posintha silinda, lembani pa pulasitala nthawi imene ithere n'kumata pa silindapo, ndipo muzisintha isanafike pansi. Imfa zowawa kwambiri zinali za pakati pa usiku: namwino mmodzi ali kumapeto ena a wodi, silinda yatha, masiki ili kumaso, wodwala akungooneka ngati wagona. Nthawi zolembedwa pa pulasitala zija zizikoperedwa pa pepala limodzi limene a naiti azilandira popatsirana lipoti.

Ma concentrator, makina amagetsi osefa okosijeni mu mpweya wamba, amapereka malita 5 kapena 10 pa mphindi. Ikani pamenepo onse ofuna mpweya wochepa, masilinda asungidwire ofuna wambiri komanso nthawi imene magetsi athima. Makina a malita 10 amadya mphamvu pafupifupi ma watt 600, kotero 20 akufuna ma kilowatt 12. Mawodi athu ambiri sanawayidwe ndi cholinga chimenecho. Breaker imagwa, ma extension amasungunuka. Itanani wamagetsi wodi isanatsegulidwe, ndipo tsimikizani kuti masoketi ake ali pa laini ya jenereta. Ngakhale jenereta ilipo, pamadutsa mphindi isanayake, ndiye pambali pa odwalika pazikhala silinda yomangidwa kale regulator. Sefa ya kumbuyo kwa makina izichapidwa sabata iliyonse n'kuumitsidwa isanabwezedwe, ndipo makina asagunde khoma kapena katani. Choopsa cha concentrator ndi choti imatha kulira bwinobwino, kampira ka flowmeter kali m'mwamba, koma ikutulutsa mpweya wamba. Fumbi ndi chinyezi zimapha mchenga wosefera wa m'kati. Yabwino imapereka okosijeni wa 90 peresenti kupita m'mwamba; ikatsika pa 82 ichotsedwe pabedi. Popanda kachipangizo koyezera mphamvu ya mpweya simungadziwe. Makina amene anagwira usana ndi usiku mu Januwale ndi Febuluwale 2021 ndi omwewo amene anatulutsidwa m'sitolo mu Julayi, ambiri osayezedwa.

Plant yopangira mpweya, monga imene inamangidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital mu 2020 mothandizidwa ndi Malawi-Liverpool-Wellcome, imasintha zinthu kwambiri, koma nayo ili ndi malire. Mukatsegula ma flowmeter ambiri kuposa mphamvu yake, mphamvu ya m'mapaipi imatsikira aliyense, kuyambira mabedi a kumapeto kwa laini. Dziwani malita amene plant yanu imapanga pa mphindi, ndipo shifiti iliyonse iziphatikiza malita a ma flowmeter onse otsegula. Mukayandikira malire, odwala atsopano apite pa masilinda. Compressor imafuna sevisi malinga ndi maola amene yagwira, ndipo zipangizo zake zimachokera kunja, zomwe nthawi ya mliri zinkachedwa pa malire ndi pa ndege.

Mpweya wambiri womwe tinaupulumutsa sunachokere kogula. Unachokera pa kuyendera bedi ndi bedi kawiri pa tsiku ndi oximeter, kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni m'magazi. Cholinga kwa wamkulu ndi 90 kupita m'mwamba, kwa mayi woyembekezera 92 mpaka 95. Munthu amene ali pa 98 ndi malita 15 akudya mpweya wa mnzake. Tsitsani pang'ono, dikirani mphindi 15, yezaninso. Kugona chafufumimba kumakweza nambala kwa odwala ambiri popanda kuwonjezera lita ndi imodzi yomwe, koma munthu sangakhale chomwecho yekha; amafuna pilo, womutembenuza ndi womulimbikitsa. Oximeter nayo imanama: zala zozizira za mu Julayi, penti wa m'zikhadabo, komanso pa khungu lakuda imatha kuonetsa nambala yokwererapo kusiyana ndi zenizeni. Muziwerenganso kapumidwe pa mphindi n'kuona mmene munthuyo akuonekera. Mabatire ang'onoang'ono a oximeter alowe pa mndandanda wa zoitanitsa. Amatha msanga ndipo palibe amene amawakumbukira.

Moto usaiwalike. Mu Epulo 2021 chipatala cha Ibn al-Khatib ku Baghdad chinapsa silinda itaphulika m'wodi ya Covid, ndipo anthu oposa 80 anafa. Girisi kapena mafuta asakhudze regulator, Vaseline asapakidwe pamphuno pa munthu amene ali pa mpweya, manja opakidwa sanitizer aume kaye, masilinda amangidwe ndi tcheni kukhoma, mazenera akhale otsegula.

Za ma ventilator, makina opumitsa wodwala, ndinena mwachidule. Mu 2020 aliyense ankafunsa kuti dziko lili nawo angati. Koma ventilator imafuna namwino wa ICU pabedi limodzi kapena awiri, mankhwala ogonetsa osadukiza ndi wodziwa kulowetsa chubu. Ndalama ya makina amodzi otere imagula ma flowmeter ndi ma oximeter a wodi yonse, ndipo ambiri amene tikanawapulumutsa ankangofuna malita 15 osadukiza.

Manja

Zipatala zathu zimayenda ndi magadiyani. Gadiyani ndi amene amadyetsa wodwala, kumusambitsa, kumuperekeza ku chimbudzi, kuchapa, ndi kuthamanga kukaitana namwino zinthu zikasintha. M'wodi ya Covid gadiyani sankaloledwa, ndipo ntchito yonseyo inagwera anamwino amene chiwerengero chawo chinawerengedwa ngati kuti magadiyani alipo. Ichi ndi chimene ndondomeko zolembedwa m'maofesi zinkaphonya kwambiri.

Zotsatira zake zinkaoneka m'njira zing'onozing'ono. Wodwala akufuna kutaya madzi, palibe womupatsa chotayiramo, amavula masiki n'kuyenda yekha, n'kukakomokera m'chimbudzi. Chakudya chabwera, chaikidwa pa loka, munthu wobanika sangathe kuvula masiki kuti adye, mbale n'kubwerera yosakhudzidwa; patatha masiku atatu wafooka ndiponso madzi amuthera m'thupi. Gogo wosokonezeka mutu amachotsa masiki kakhumi usiku umodzi. Zothetsera zake si zodula. Bedi lililonse likhale ndi chotayiramo madzi kapena ndowa yotseka. Pa nthawi ya chakudya wodwala avekedwe timachubu ta m'mphuno kuti adye mpweya ukulowa, ndipo phala ndi zamadzimadzi zimatheka kuposa nsima. Odwalika kwambiri agone moonekera pa tebulo la anamwino. Lembani ntchito othandizira odwala okwanira, chifukwa zambiri mwa izi sizifuna namwino. Ndipo maganizo anga ndi oti kwa okalamba ndi osokonezeka mutu, gadiyani mmodzi wophunzitsidwa, wovala zodzitetezera, wosasinthasintha, amapulumutsa moyo kuposa mmene amaonjezerera chiopsezo.

Anthu ena amene amaiwalika ndi onyamula masilinda. Silinda ya J imalemera makilogalamu oposa 60. Kusintha 60 pa tsiku ndi ntchito ya anyamata angapo pa shifiti iliyonse, ndi trolley yake, usiku womwe. Namwino akamagubuduza yekha silinda, odwala ena onse akhala opanda wowaona. Chimodzimodzi oyeretsa ndi ochapa. Klorini wopukutira malo ndi wa 0.1 peresenti, wa pa magazi ndi zotuluka m'thupi ndi wa 0.5. Ndi klorini waufa wa HTH wa 70 peresenti, ndiye magalamu pafupifupi 15 m'malita 10 a madzi pa woyambayo, magalamu 70 pa wachiwiriyo, wosungunula tsiku lomwelo. Wokhathamira mopitirira amadya zitsulo za mabedi ndi kutsamwitsa odwala obanika kale.

Mu Epulo 2020 ogwira ntchito zachipatala ananyanyala ntchito pofuna zodzitetezera ndi alawansi ya chiopsezo. Ena ankakanizidwa kukwera minibasi atavala yunifolomu, ena eni nyumba ankawaopseza kuwatulutsa. Pofika funde lachitatu mantha aja anali atachepa, koma m'malo mwake munalowa kutopa. Anthu anali ataika m'manda anzawo a pantchito, tchuthi chitaimitsidwa kawiri, ndalama za lokamu, za mashifiti owonjezera, zikuchedwa. Munthu wotopa amalakwitsa povula zodzitetezera, pomwe ndi pamene ambiri amatengera matenda, ndiye pakhomo lotulukira pazikhala mnzake womuyang'ana. Tchuthi chiperekedwe mokakamiza funde likangotsika. Malipiro a lokamu akachedwa pa funde lino, pa funde lotsatira mudzaitana anthu koma foni sadzayankha.

Omicron inabwera mosiyana. Ofuna mpweya wambiri anali ochepa poyerekeza ndi Delta, koma kachilomboko kankafala msanga moti anamwino, madokotala, a ku labu ndi madalaivala ankadwala sabata imodzi. Mabedi analipo, masilinda analipo, koma rota inali ndi mabowo. Komanso odwala ambiri ankabwera chifukwa cha zina, kubereka, kuthyoka mwendo, opaleshoni, n'kupezeka ndi kachilombo poyezedwa. Kuwatumiza onse ku wodi ya Covid kunkawachotsa m'manja mwa azamba ndi madokotala amene akuwafuna. Chinathandiza ndi kupatula kachipinda kapena ngodya m'wodi iliyonse. Pokonza rota ya funde, muziyerekeza kuti mmodzi mwa asanu aliwonse sadzakhalapo, ndipo ntchito iliyonse yofunika, monga kuyendetsa plant, isakhale m'mutu mwa munthu mmodzi.

Pa mankhwala, dexamethasone wa 6 mg kamodzi pa tsiku mpaka masiku 10 anatsimikizika mu Juni 2020 kuti amachepetsa imfa kwa amene ali pa mpweya. Kwa osafuna mpweya sathandiza. Ndi wotchipa ndipo ankapezeka. Chimene chinkatha ndi zotsatira zake: amakweza shuga, pomwe odwala athu ambiri anali ndi shuga kale, ena osadziwa. Timapepala toyezera shuga, insulin ndi majakisoni ake ziziitanitsidwa limodzi ndi dexamethasone, apo ayi munthu apulumuka ku chibayo n'kufa ndi shuga. Heparin woteteza magazi kuundana nayenso amatha msanga. Ceftriaxone, mankhwala opha mabakiteriya, ankabayidwa pafupifupi aliyense, pomwe ambiri analibe mabakiteriya, ndipo mwana wa meninjaitisi n'kumupeza atatha. Aliyense wolowa afunsidwe za ma ARV, mankhwala a TB ndi a BP, chifukwa popanda gadiyani mabotolo amatsala kunyumba. Ayezedwenso malungo ndi TB. Wotsokomola aliyense nthawi ya funde amaoneka ngati wa Covid, ndipo TB yambiri inadutsa chomwecho, makamaka poti makina oyezera a GeneXpert omwewo ankagawidwa pa matenda awiriwa.

Chipatala chonse sichiima chifukwa cha mliri. Funde la Januwale linakumana ndi nyengo ya malungo, wodi ya ana itadzaza. La Julayi linakumana ndi chibayo cha m'nyengo yozizira. Chiyeso chachikulu ndi kutenga ma concentrator a ku nazale ndi ku wodi ya ana kupita nawo ku Covid. Lembani pa makinawo ndi penti kuti ndi a kuti, ndipo gwirizanani pasadakhale chiwerengero cha masilinda a ku thiyeta, kwa amayi obereka ndi kwa ana chimene sichidzakhudzidwa zivute zitani. Maopaleshoni osathamangira amene munaimitsa sachoka; amakudikirani pakati pa mafunde, nthawi yomwe ija imene antchito amayenera kupuma. Kupereka ma ARV a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi kunachepetsa mizere, ndipo njira yomweyo ndi yotheka kwa a BP ndi shuga amene ali bwino.

Mphekesera nazo zimadzaza wodi. Kunamveka zoti kuchipatala akubaya anthu jakisoni wakupha, ndipo chikhulupiriro chakale choti munthu akaikidwa pa okosijeni ndiye kuti wapita chinakula. Anthu ankakhala kunyumba akufukiza bulugama mpaka atalephera kupuma, n'kufika oximeter ikuonetsa 60 kapena 70. Wofika mochedwa amadya mpweya wambiri, amakhalitsa, ndipo akamwalira amatsimikizira mphekesera ija kumudzi. Achibale amene sakuona wodwala wawo amakhulupirira chilichonse, ndipo m'madera ena azaumoyo anathamangitsidwa pa maliro. Wodi ikhale ndi foni yake ndi mayunitsi, ndi munthu woimbira banja lililonse kamodzi pa tsiku pa nthawi yodziwika. Poika munthu pa mpweya muonetseni nambala ya pa oximeter isanakwere ndi itakwera. Munthu akamwalira, wachibale mmodzi kapena awiri aloledwe kuona nkhope thupi lisanatsekedwe.

Pakati pa mafunde

Miyezi ya bata ndi imene inkaonetsa mmene funde lotsatira lidzatipezere, ndipo kawirikawiri tinkaiwononga. Wodi ikatsekedwa, ma flowmeter amamwazikira m'mawodi ena, ma oximeter amalowa m'matumba, makontirakiti a antchito ongoyembekezera amatha, ophunzitsidwa amasamutsidwa, othandiza amatembenukira kwina. Nkhani ya K6.2 biliyoni ya ndalama za Covid, imene kafukufuku wa 2021 anapeza kuti zina sizinayende bwino, inachititsanso kuti anthu azikayikira pempho lililonse lochokera ku zaumoyo. Katemera anafika mu Malichi 2021, mlingo wa 360,000 wa AstraZeneca kudzera ku COVAX, ndondomeko yogawira maiko katemera, koma funde linali litatsika ndipo anthu sanathamangire. Mu Meyi boma linawotcha katemera 19,610 wotha nthawi. Delta itafika mu Juni ndi Julayi anthu anayamba kumufuna, n'kupeza watha m'malo obayira.

Denga amafolera mvula isanagwe, ndiye sabata imene wodwala womaliza watuluka ntchito ndi iyi. Werengani chida chilichonse n'kuchilemba nambala m'buku limodzi. Concentrator iliyonse iyezedwe mphamvu ya mpweya, zakufa zipite kwa okonza pomwepo, ndipo zosungidwa ziziyatsidwa kwa kanthawi mwezi uliwonse kuti chinyezi chisaphe zosefera. Plant ndi jenereta zichitidwe sevisi, zipangizo zake ziitanitsidwe zowirikiza. Ngongole ya kodzadzitsa masilinda ilipidwe, chifukwa wogulitsa amene muli naye ngongole sadzakuikani patsogolo aliyense akadzafuna mpweya. Lembani malita amene munagwiritsa ntchito pa tsiku loipitsitsa; nambala imeneyo ndiyo poyambira pokonzekera funde lotsatira. Mayina a onse ophunzitsidwa asungidwe ndi kumene ali tsopano, ndipo atsopano aphunzitsidwe kumanga regulator ndi kuwerenga geji asanakumane ndi wodwala wobanika.

Chotsatira sichikhala Covid nthawi zonse. Omicron ikutsika mu Januwale 2022, namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya ma megawatt pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunakhudza concentrator ndi plant iliyonse yodalira magetsi. Mu Malichi chaka chomwecho kolera inayamba ku Machinga, n'kudzapha anthu oposa 1,700 pofika 2023. Matenti omwewo, ndowa za klorini zomwezo ndi anamwino omwewo ndi amene anatumizidwa kumeneko, kungoti tsopano chosowa chinali madiripi a Ringer's lactate ndi ma cannula.

Chifukwa cha zimenezi wodi isamatsekedwe kamodzin'kamodzi. Tsitsani mabedi m'magawo, mwachitsanzo kuchoka pa 60 kufika pa 30, kenako pa 10, ndipo khumi omalizawo akhalebe ndi mpweya, masoketi a jenereta ndi anamwino odziwika mayina. Gawo lililonse lotsekedwa lilembedwe chimene chidzalitsegulitse, monga mabedi otsala akadzaza atatu mwa anayi aliwonse kapena opezeka ndi kachilombo ku OPD akawirikiza m'sabata imodzi, komanso dzina la udindo wa amene ali ndi mphamvu yolamula kutsegula popanda kudikira msonkhano. Zida za gawo lotsekedwa zilongedzedwe m'mabokosi a mabedi khumikhumi, lililonse ndi ma regulator, ma flowmeter, masiki za kachikwama, timachubu ta m'mphuno, ma oximeter ndi mabatire, timawasha ndi sipanala, ndipo kiyi wa sitoloyo azipezeka ndi usiku womwe.